Tsitsi, Dzuwa ndi Mankhwala Oyeretsa

Ana inu, tsitsi la munthu liri lolimba koposa m'mene lionekera. Tsitsi limodzi labwino likhoza kunyamula pafupifupi magalamu 100 osaduka. Lipangidwa ndi cinthu cochedwa keratini, cimene cipanganso zikhadabo zathu ndi nyanga za mbuzi.

Kunja kwa tsitsi liri lonse kuli timamba tosanjikizana monga udzu wa pa denga. M'kati mwace muli timitsitsi tolumikizana, ndiponso utoto wakuda wochedwa melanini. Timamba tikagona bwino, m'katimo mukhala mosungika.

Dzuwa la mwezi wa Okutobala ku Katete, ku Sinda ndi ku Vubwi liwala koopsa. M'kuwala kwaceko muli ceza cimene maso athu sacipenya. Ceza cimeneci cisulutsa utoto wa tsitsi monga nsalu isuluka pa cingwe, nicifooketsa keratini pang'ono pang'ono. Ndico cifukwa cace tsitsi la abusa a ng'ombe lifiira kunsonga.

Mankhwala oyeretsa tsitsi acita zoposa izi m'kanthawi kocepa. Mwa iwo muli hydrogen peroxide, amene anapezedwa ndi Louis Thénard wa ku France m'caka ca 1818. Mankhwalawa atukula timamba, nalowa m'kati, naononga utoto, nadula mfundo zolumikiza timitsitsi tija. Pamenepo tsitsi liuma, likhakhala, ndipo liduka polipesa, makamaka likanyowa. Akakhalitsa pamutu, aochanso khungu.

Kumbukirani ici: tsitsi limene tiliona silikhala ndi moyo. Bala la pakhungu lipola, koma tsitsi loonongeka silipola ai. Mwini wace ayenera kudikira latsopano, limene likula ngati sentimita imodzi yokha pa mwezi. Cotero bvalani cipewa kapena citambala popita kumunda, dzolani mafuta pang'ono, ndipo pesani mofatsa.

Koma tsitsi la mwana wamng'ono likafiira ndi kupyapyala, thupi lace nilitupa, si dzuwa ai. Ndiko kusowa zakudya zomanga thupi monga nshawa, nyemba ndi mazira. Uzani makolo apite naye msanga ku cipatala.

Mafunso
1. Kodi timamba ta tsitsi tigwira nchito yanji?
2. Nanga tsitsi loduka ndi mankhwala silipola cifukwa ninji?
3. Kodi tsitsi likula masentimita angati pa miyezi isanu ndi umodzi?