Masitepe asanu olimbitsira mtima wa wamasewero wachinyamata kwa Mpama

Aliyense amene amakonda kuonerera masewero pa mabwalo a sukulu kwa Mfumu Yaikulu Mpama ku Chiradzulu amamudziwa mnyamata wotere. Luso ali nalo, liwiro ali nalo, ndipo pogwetsana pamchenga palibe mnzake womutha. Koma akangogwetsedwa kamodzi, kapena timu yake ikangomwetsedwa chigoli, amasanduka wina. Amayamba kulalatira woyimbira, kukankha anzake, mwinanso kuvula jezi n'kutuluka masewero ali mkati. Anthu amangoti ndi mmene anabadwira. Komatu mtima wolimba umaphunzitsika monga momwe mwendo umaphunzirira kuthamanga, ndipo wamasewero angathe kuumanga pamudzi pomwepo, wopanda jimu kapena nsapato zodula.

Choyamba: kusankha nthawi ndi kusaiphonya

Wachinyamata wa kwa Mpama ali ndi zambiri zomudikira: sukulu, kumunda, kumjigo, kuchigayo. Akamati adzakonzekera akapeza mpata, mpatawo sudzapezeka. Ayenera kusankha nthawi imodzi, monga 5 koloko m'mawa, n'kuipatula kwa mphindi 30 kapena 40, masiku asanu pa sabata. Masiku awiri otsalawo ndi opumitsa thupi, chifukwa minofu imakula pamene munthu akupuma.

Mayeso enieni amabwera mu June ndi July, chiperoni chikakuta phiri la Chiradzulu ndipo bulangete likukoma. Apa m'pofunika kope la sukulu. Tsiku lililonse alembemo zimene wachita: wathamanga mphindi zingati, mapushapu angati. Tsiku limene wajomba alembenso, pamodzi ndi chifukwa chake. Pakutha mwezi, kopelo limamuuza zoona zimene anzake sangamuuze.

Chachiwiri: kuzolowera kutopa, koma osasewera ndi kuvulala

Pa mpikisano wogwetsana wa Olympics, anthu amalimbana zigawo ziwiri za mphindi zitatu, ndipo pakati pake amapuma masekondi 30 okha. Zimamveka zochepa, koma mphindi yomaliza imakhala ngati chaka. Wogwetsana kapena wankhonya azikonzekera motengera nthawi yomweyi: mphindi zitatu zolimbika kwambiri, kupuma pang'ono, kenako kubwereza. Zitunda ndi zambiri ku Chiradzulu. Kukwera chitunda mothamanga n'kutsika moyenda, kasanu kapena kasanu n'kamodzi, kumaphunzitsa mutu kuti kupuma mwawefuwefu sikutanthauza kuti mphamvu zatheratu.

Komabe kutopa ndi kuvulala n'zosiyana. Miyendo kulemera ndi kutopa chabe. Koma ululu wobaya m'bondo kapena m'phewa, kutupa, ngakhale chizungulire munthu atamenyetsa mutu, ndi chizindikiro choti asiye pomwepo n'kupita kuchipatala. Mwawi Kumwenda, katswiri wa mpira wamanja amene anasankhidwa kukhala wosewera bwino koposa pa chikho cha dziko lonse ku Sydney mu 2015, anaduka mtsempha wa m'bondo mu 2018. Anakhala miyezi yambiri kunja kwa bwalo, akutsatira malangizo a madokotala. Mu 2020 timu yake ya Melbourne Vixens inatenga chikho cha ligi ya ku Australia itagonjetsa West Coast Fever 66-64, ndipo iye ndi amene anasankhidwa kukhala wosewera bwino pa ndime yomalizayo. Kudikira kwa miyezi ija nakonso kunali kulimba mtima.

Chachitatu: kuphunzira kugwa ndi kudzuka

Mphunzitsi wabwino wa masewero ogwetsana amayamba n'kuphunzitsa kagwedwe: chibwano pachifuwa kuti mutu usamenye pansi, ndiponso osatsogoza dzanja lowongoka, chifukwa ndi mmene ambiri amathyokera. Munthu wodziwa kugwa saopa kugwetsedwa, choncho amalimbana momasuka.

Maganizo nawonso ali ndi kagwedwe kake. Isaac Chilemba, wankhonya wobadwira ku Blantyre yemwe anakakhwimira ku South Africa, anakumana ndi Sergey Kovalev mu July 2016 ku Yekaterinburg ku Russia, dziko la kwawo kwa Kovalevyo. Panthawiyo Kovalev ankaopedwa chifukwa chokomola anzake. M'raundi yachisanu ndi chiwiri Chilemba anagwetsedwa, koma anadzuka n'kumaliza maraundi onse 12. Anagonja pa mapointi, ataimirira.

Kudzuka kotereku kumayesereredwa. Zinthu zikasokonekera, wosewera akoke mpweya ndi mphuno uku akuwerenga mpaka 4, autulutse pang'onopang'ono akuwerenga mpaka 6, kawiri kapena katatu. Kutulutsa mpweya mochedwa kumatsitsa kugunda kwa mtima. Kenako adziuze mawu amodzi okhudza chochita, monga "manja m'mwamba" kapena "tsika m'chiuno". Izi azizichita tsiku lililonse pokonzekera, kuti pa tsiku la mpikisano zizibwera zokha ngakhale ochemerera akumunyogodola.

Chachinayi: kufunsa mafunso pambuyo pogonja

Ku mabwalo a m'midzi, timu ikagonja zifukwa sizisowa. Ena amati woyimbira anadya ndalama, ena amati adani anakwirira mankhwala pagolo. Vuto la zifukwa zoterezi n'lakuti sizisiyira wosewera chilichonse choti akakonze Lolemba.

Anisha Basheel anagonja nkhonya zake zisanu zoyambirira atalowa m'gulu la akatswiri olipidwa. Ambiri akanapachika magolovesi. Iye anapitiriza, anayamba kupambana motsatizana, ndipo mu June 2018 ku London anagonjetsa Samantha Smith m'raundi yoyamba n'kutenga lamba wa Commonwealth.

Wachinyamata akagonja ayambe wagona kaye, mkwiyo uphwe. M'mawa mwake atsegule kope lija n'kuyankha mafunso atatu: chinayenda bwino n'chiyani, zinasokonekera pati, ndipo sabata ino akonza chiyani. Pa funso lomalizali asankhe chinthu chimodzi chokha. Ngati anatha mpweya m'chigawo chachiwiri, yankho lili kuchitunda. Ngati anapsa mtima n'kupatsidwa khadi, yankho lili pa kapumidwe kaja.

Chachisanu: kudzigwira kunja kwa bwalo

Pabwalo munthu amakhalapo ola limodzi, ndipo maola ena onsewo ndi amene amaononga osewera ambiri. Chakudya chofunika chilipo kale pakhomo: nsima kapena mbatata zopatsa mphamvu, nandolo, nyemba, mtedza, soya, mazira ndi usipa zomanga minofu, kuphatikizapo masamba ndi zipatso. M'nyengo yotentha ya October ndi November azimwa madzi asanamve ludzu. Mkodzo ukakhala wachikasu kwambiri, ndiye kuti madzi achepa m'thupi. Wogwetsana kapena wankhonya amene thupi lake likukulabe asadzimane chakudya kapena madzi pofuna kutsitsa sikelo.

Achinyamata a zaka 13 mpaka 18 amafunika kugona maola 8 mpaka 10, zomwe sizingatheke ngati akuchezera ku vidiyo kapena pafoni. Kachasu amachedwetsa kuchira kwa minofu. Chamba, chimene ena amanamizana kuti chimachotsa mantha, n'choletsedwa kusuta pa malamulo a dziko lino, komanso chili pa mndandanda wa zinthu zoletsedwa pa mipikisano wa bungwe la World Anti-Doping Agency. Kubetcha nako kumadya kandalama ka ganyu kamene kakanagula mazira.

Zonsezi zimavuta kuzisunga munthu ali yekha. N'chifukwa chake m'pofunika kupeza mnzake wodzutsana naye m'mawa, komanso wamkulu mmodzi, kaya mphunzitsi wa masewero pasukulu kaya kholo, woona kope lija kumapeto kwa sabata. Atsikana azithamanga awiriawiri kapena pagulu, kunja kutayera, makolo akudziwa njira imene adutse.

Pomaliza, awiriwo asankhe mpikisano woti aziuyang'ana patsogolo. Ungakhale wapakati pa sukulu za m'zoni, kapena kwa othamanga okulirapo, mpikisano wa Porters Race umene umachitika pa phiri la Mulanje, m'boma loyandikana ndi Chiradzulu. Akadziwa tsiku lake, awerenge masabata chobwerera m'mbuyo, alembe zochita za sabata iliyonse, ndipo sabata yomaliza achepetse zokonzekera kuti akafike pabwalo miyendo ili yopepuka.