Phunziro: Injini ya Dizilo Imafa ndi Zimene Timaimwetsa

Mwera ukayamba kuwomba, makamaka kuyambira Meyi mpaka Ogasiti, kuzima kwa injini pakati pa nyanja si nkhani ya kuchedwa chabe. Boti lopanda mphamvu limatembenuka cham'mbali, mafunde n'kuyamba kuthira madzi m'kati. Phunziro lino likupita kwa eni maboti a injini za dizilo, ogwira ntchito m'mabotiwo, komanso magulu a m'wodi mwathu amene akusonkherana ndalama zogulira injini.

Injini ya dizilo ilibe mapulagi ngati ya petulo. Imapanikiza mpweya mpaka utatentha kwambiri, kenaka injekita imapopera dizilo kudzera m'timabowo tating'onoting'ono, moto n'kuyaka wokha. Timabowoto sitichedwa kuwonongeka. Kamchenga kapena madzi pang'ono zikhoza kupha injekita pamodzi ndi pampu yake, zida zodula zimene sizikonzedwa pagombe.

Nanga madziwo amalowera kuti? Kunena zoona, kawirikawiri timachita kuwagula tokha, m'zigubu zosatsuka ndi m'migolo yogona pamvula. Nayonso thanki yosadzaza imachita thukuta m'kati usiku kukazizira. Mwayi wake ndi woti madzi amalemera kuposa dizilo, choncho amakhala pansi. Thirani dizilo pang'ono m'botolo loonekera m'kati, mudikire. Ngati muli madzi, adzipatula okha. Chigubu chigone osachigwedeza, m'mawa musefe pothira, ndipo wotsalira pansiyo asalowe m'thanki ngakhale akupweteketseni mtima. Ngati fyuluta yanu ili ndi kasikuluwu kokhetsera madzi pansi pake, katseguleni musananyamuke.

Mukasintha fyuluta, kapena dizilo akathera m'thanki, mpweya umalowa m'mapayipi ndipo injini imakana kulira mpaka mpweyawo utatulutsidwa. Ntchito imeneyi imangofuna sipanala ndi kuleza mtima. Isadziwidwe ndi woyendetsa yekha; pemphani makaniko aphunzitse aliyense wa m'botimo.

Utsi nawo umanena matenda. Wakuda ukusonyeza kuti boti lalemedwa, mpweya ukuchepa, kapena injekita yatopa. Wobiriwira ngati thambo ndiye kuti oyilo akupsa. Woyera wosaleka injini itatentha kale ndi chizindikiro cha madzi kapena dizilo wosapsa bwino, ndipo pamenepo itanani makaniko.

Injini imene imazizira ndi madzi a m'nyanja iyenera kuwalavula ikangolizidwa. Akapanda kutuluka, zimitsani msanga: mwina pulasitiki kapena udzu zatseka polowera, mwina kapira ka m'pampu yamadzi katha. Oyilo muyezeni tsiku lililonse, ndipo mumusinthe potsata maola olembedwa m'buku la injiniyo. Akaoneka ngati mkaka, madzi alowamo.

Kwa amene mukufuna kugula, funso loyamba lisakhale la mtengo. Funsani kaye ngati mafyuluta, malamba ndi mainjekita a injiniyo amapezeka kuno kwathu, komanso ngati alipo makaniko wapafupi amene anaimasulapo. Mphamvu yake igwirizane ndi kukula kwa boti, pakuti injini yaikulu paboti laling'ono imangomwa dizilo ndi kugwedeza matabwa. Ngati ndi yogwirapo kale ntchito, fikani m'mamawa, muikhudze kuti mutsimikize kuti njozizira, wogulitsayo ailize inu mukuona. Mukaipeza itatenthetsedwa kale, panganani tsiku lina.