Msika wakale wa ku Zumbo

Tonse timaudziwa msika wa pa Zobue. Anthu amabwera ndi mbatata, nyemba ndi matimati, ena kucokera ku Mwanza, kutsidya kwa malire. Phokoso limayamba m'mamawa. Kodi munaganizapo kuti msika ungathe kufa?

Kumadzulo kwenikweni kwa cigawo cathu ca Tete kuli Zumbo, pamene mtsinje wa Luangwa umathira m'Zambezi. Munthu akaima pamenepo amaona Zambia ndi Zimbabwe. Ca m'ma 1720 amalonda ocokera ku Goa, ku India, anatsegula msika pamalopo. Apwitikizi ankaucha feira.

Eni malonda sankapita kutali. Ankatuma anthu a konkuno ochedwa vashambadzi, ndipo ambiri mwa iwo anali akapolo. Iwowa ankasenza nsalu ndi mikanda kunka ku dziko la Changamire, kumwera kwa Zambezi, n'kubwerako ndi golide. Minyanga ya njovu inkacokera ku cigwa ca Luangwa. Ngalawa zinkatsika ndi katunduyo mpaka pa Chicoa. Kucokera apo mpaka ku Tete anthu ankasenza pamutu, cifukwa ngalawa sizikanadutsa mathithi a Cahora Bassa. Taganizani kulemera kwa mnyanga umodzi!

Kenaka kunagwa cilala cacikulu, ndipo nkhondo zinatseka njira. Mu 1835 Angoni a Zwangendaba anawoloka Zambezi pafupi ndi Zumbo, tsiku limene dzuwa linada masana. Ufumu wa Changamire nawo unapasuka m'zaka zomwezo. Mu 1836 amalonda anacoka, msika n'kusanduka bwinja.

David Livingstone anadutsapo mu Januwale 1856. Kumadzulo kwa Luangwa anapeza zipupa za nyumba yopemphereramo, ndi belu losweka lili pansi. Pa belulo panali mtanda ndi zilembo I.H.S. Atawoloka, anaona nyumba za miyala zakugwa, zopanda munthu. Apwitikizi anabwereranso mu 1862, koma pamenepo malonda a akapolo ndiwo anakula.

Misika yakufa ilinso kumaiko ena. Ku Athens, m'dziko la Greece, akatswiri akhala akufukula msika wakale wochedwa agora kuyambira mu 1931.

Mafunso

1. Kodi vashambadzi ankagwira nchito yanji?
2. N'cifukwa ciyani katundu ankasenzedwa pamutu kuyambira pa Chicoa?
3. Kafunseni agogo kapena amalume: kodi msika wa pa Zobue unali bwanji m'nthawi ya nkhondo imene inatha mu 1992? Mudzatiuze mawa.