Mfuti Yoyamba ya Mlenje: Mafunso ndi Mayankho

Kabuku aka ndi ka munthu amene akufuna kugula mfuti yake yoyamba yosakira nyama motsata malamulo, makamaka m'mafamu a ku South Africa ndi ku Zimbabwe. Kumeneko nkhandwe zimagwira ana ankhosa usiku, ndipo nyengo yozizira ikafika alenje amasaka nswala, ngoma ndi nyumbu kuti apange nyama yowumitsa yotchedwa biltong.

Kodi manambala ngati .243 ndi .308 amatanthauza chiyani?

Amasonyeza kunenepa kwa chipolopolo poyeza ndi inchi. Cha .223 ndi pafupifupi mamilimita 5.6, cha .243 ndi 6, pomwe cha .308 ndi 7.8. Kulemera kwake amakuyeza mu ma grain, ndipo ma grain 150 ndi magalamu pafupifupi 10.

Ndikufuna mfuti imodzi yophera nkhandwe komanso nyama zikuluzikulu. Kodi ilipo?

Ilipo, ndipo ine ndimaloza .308 Winchester, imene inatuluka mu 1952. Ndi chipolopolo cha ma grain 150 mpaka 180 imagwetsa nswala, njiri, ngoma, nyumbu ndi mbidzi bwinobwino. Nkhandwe nayo imafa, kungoti chikopa chimang'ambika kwambiri, koma mlimi amene akulira nkhosa zake sasamala za chikopa. Zipolopolo zake zimapezeka pafupifupi m'sitolo iliyonse yogulitsa mfuti, ngakhale m'matauni ang'onoang'ono a ku Karoo ku South Africa, ndipo zimenezi musazipepuse: mfuti yosowa zipolopolo imangokhala mu sefa. Mkulu wake, .30-06 Springfield ya mu 1906, imagwira ntchito yomweyo ndipo imanyamula bwino zipolopolo zolemererapo, koma imamenya phewa mochulukirapo pang'ono.

Bwanji osangogula yaikulu kwambiri kuti nyama isathawe?

Apa ndi pamene oyamba ambiri amalakwitsa, ndipo chondiwawa n'chakuti yovutika ndi nyama. Mfuti ikalira imabwerera m'mbuyo n'kumenya phewa. Ya .375 imamenya pafupifupi kawiri kuposa ya .30-06. Munthu akamenyedwa kangapo, thupi limayamba kuopa lokha: asanawombe n'komwe watsinzina kale, phewa lagwedezeka, ndipo mpope wachoka pomwe analoza. Chizolowezi chimenechi chikakulowani chimavuta kuchichotsa. Chipolopolo chomwe chimayenera kulowa kuseri kwa mwendo wakutsogolo, pomwe pali mtima ndi mapapo, chimakalowa m'mimba. Ngoma yolasidwa m'mimba imathamanga mtunda wautali, n'kukafera m'tchire mawa kapena mkuja, nyama yake itawonongeka. Pa mafamu ambiri, magazi akangooneka pansi mumalipira nyamayo, mwaipeza kapena ayi.

Palinso nkhani ya thumba. Zipolopolo za mfuti zazikulu n'zodula, ndiye mwini wake amaumira kuyeserera. Mlenje wosayeserera ndiye amavulaza nyama.

Nanga .223 ndi .243?

Ya .223 Remington ndi ya nkhandwe, agwape ndi nyama zina zing'onozing'ono. Siimenya phewa kwambiri, zipolopolo zake n'zotsika mtengo, koma pa ngoma ndi nyumbu ndi yopepuka. Ya .243 Winchester, ya mu 1955, ili pakatikati. Ndi chipolopolo chopepuka imafika patali pomwe nkhandwe yochenjera imaima, ndipo ndi cha ma grain 100 imakwanira pa nswala. Ngati ntchito yanu yaikulu ndi kuteteza nkhosa, kapena mfutiyo ndi ya wachinyamata, imeneyi ndi yabwino. Pa nyumbu, nyama yolimba, ine sindingaitenge.

Kodi .308 ingaphe njati?

Musayese. Anthu amakonda kutchula W.D.M. Bell, amene anapha njovu zambiri ndi 7x57 yaing'ono. Iyeyo anali katswiri wodziwa pomwe pali ubongo wa njovu, ndipo inali nthawi ina. Lero ku Zimbabwe lamulo limafuna chipolopolo chosachepera mamilimita 9.2 pa njovu, njati ndi mvuu, ndipo m'maiko ambiri a mu Africa poyambira pake ndi .375 H&H Magnum, imene kampani ya Holland & Holland ya ku London inatulutsa mu 1912. Imeneyo ndi mfuti yachiwiri kapena yachitatu.

Kodi zipolopolo za saizi imodzi n'zofanana?

Ayi. Zina anazipanga kuti zizisweka zikangolowa, ndipo ndi za nkhandwe. Zina zimafutukuka pang'onopang'ono osasweka, n'kubowola fupa mpaka kufika pamtima; za nyama zikuluzikulu ndi zimenezo. Werengani pabokosi, ndipo mukasintha mtundu kayeseni kaye pa chandamale cha mamita 100.

Malamulo akuti chiyani?

Ku South Africa, lamulo la Firearms Control Act la mu 2000 limafuna kuti muyambe mwapeza satifiketi yosonyeza kuti mumadziwa kugwira mfuti, kenako laisensi ya mfutiyo. Satifiketiyo amapatsa nzika kapena munthu wokhala ndi chilolezo chokhazikika m'dzikolo, choncho abale athu ongogwira ntchito m'mafamu asatenge mfuti ya bwana mwachisawawa. Ku Malawi laisensi ya mfuti imachokera kupolisi, ndipo siikupatsani ufulu wosaka. Nkhani ya nyama ili m'manja mwa Dipatimenti yoona za nyama zakutchire. Chiyambire 2017, wopha nyama yotetezedwa kwambiri, monga njovu, akhoza kukhala kundende zaka mpaka 30.

Tsono ndigule iti?

Pitani kumalo oyeserera kuwombera, mupemphe kuyesa .243 ndi .308 musanatulutse ndalama. Ngati .308 mukuiwombera osatsinzina, gulani imeneyo. Ndalama zotsala muike pa galasi labwino loyang'anira patali, zotseka m'makutu, ndi zipolopolo zoyeserera.