Ndime 6,236: Tiyeni Tiisanthule Nambala Imeneyi

Tikafunsa m'kalasi kuti Qur'an ili ndi ndime zingati, ambiri amayankha kuti 6,666. Nambalayi imakoma pakamwa, koma si yolondola. Mu Qur'an imene timawerenga kuno, ya kawerengedwe ka Hafs, ndime zilipo 6,236 m'masurah 114, potsata chiwerengero cha maulama a ku Kufa. Bismillah ya Al-Fatiha ili m'kati momwemo, At-Tawba ilibe Bismillah, ndipo ngakhale tiwonjezere 112 zotsalazo timangofika pa 6,348. Mau a Allah sitiwerenga mongoyerekeza, choncho tiidziwe bwino nambalayi.

Kuigawa

Imathera ndi 6, ndiye kuti imagawika ndi 2, n'kutipatsa 3,118. Tikagawanso ndi 2 tipeza 1,559. Apa mpeni wafika pa fupa. Kuti tidziwe ngati 1,559 ndi prime, sitiyesa manambala onse. Popeza 40 × 40 ndi 1,600, tingoyesa ma prime osafika 40: 2, 3, 5, 7, 11, 13, 17, 19, 23, 29, 31 ndi 37. Palibe imene imalowa bwinobwino. 19 imayandikira, koma imasiya 1. Choncho 6,236 = 2 × 2 × 1,559.

Mtundu wake

Mafakita ake alipo asanu ndi limodzi okha: 1, 2, 4, 1,559, 3,118 ndi 6,236. Popeza aposa awiri, nambalayi si prime. Si sikweya, chifukwa ili pakati pa 78 × 78 = 6,084 ndi 79 × 79 = 6,241. Tikaphatikiza mafakita onse kupatula mwini wakeyo tipeza 4,684. Nambala imene mafakita ake safika pa iyo yokha imatchedwa yoperewera, pamene 6 ndi 28 ndi zokwanira, monga 1 + 2 + 3 = 6. Kupereweraku ndi dzina la m'masamu chabe, silikhudza Buku la Allah. Sitifufuza zinsinsi kapena maula m'manambala.

Phindu lake kwa woloweza

Amene anaonapo matemba akugawidwa milu padoko la Kachulu amadziwa kuti kawirikawiri pamatsala timatemba tingapo. N'chimodzimodzi ndi ndime. Woloweza ndime 4 tsiku lililonse amaliza ndendende m'masiku 1,559, zaka zinayi ndi miyezi itatu ndi masiku ochepa, kungopitirira pang'ono nthawi ya Fomu 1 mpaka MSCE. Woloweza 5 afuna masiku 1,247, n'kutsala ndime imodzi. Koma ndime sizifanana kutalika: ndime 282 ya Al-Baqara imadzaza tsamba lonse, pamene Al-Kawthar yonse ndi ndime 3 zazifupi. N'chifukwa chake majuzu 30 anagawidwa potengera kutalika kwa mau, osati kuchuluka kwa ndime.

Ntchito ya kunyumba

Thabit ibn Qurra, katswiri wa ku Baghdad amene anamwalira mu 901, anaphunzira za manambala apaubwenzi, monga 220 ndi 284: mafakita a iyi, kupatula mwini wake, amaphatikizana n'kupereka inzakeyo. Nambala 6,232, yochepa ndi 4 pa yathuyi, ili ndi bwenzi lake. Lipezeni, mubwere ndi masamu onse Lachisanu, Insha Allah.