Posamukira ku AutoCAD Plant 3D yatsopano, gulu lonse liwolokere limodzi

Pulojekiti ya Plant 3D ikangosamutsidwira mu pulogalamu yatsopano, yakale ija siithanso kuitsegula. Injiniya mmodzi wopupuluma akadina batani lovomera Lolemba m'mawa, anzake onse otsala pa yakale amangoti manja lende.

Yambani ndi kalendala. Musasamuke pamene zojambula zikupita kwa owotcherera. M'mafakitale a shuga ngati a ku Nchalo ndi ku Dwangwa, makina amakonzedwa kwambiri m'dzinja kugaya kutaima, ndiye pulogalamu muisinthe nzimbe zikadagayidwa.

Mukasankha tsiku, aliyense atseke ntchito yake, inu mukopere foda yonse, osati ma DWG okha: Project.xml, mafayilo a .dcf, ma spec ndi foda ya Isometric. Ngati database ili pa SQL Server, imafuna bekapu yakeyake. Apa ndi pamene ambiri amapunthwa.

Tsopano yesani pa kope lija, pa kompyuta imodzi yokha. Sankhani mzere umene mumaudziwa ngati njira ya kwanu, tinene paipi ya nthunzi ya mainchesi 6 yochokera ku boila, yokhala ndi valavu ndi ma flange angapo. Tulutsani isometric yake mu pulogalamu yakale ndi yatsopano, musindikize, muyale mapepala awiriwo patebulo. Werengani mabawuti ndi ma gasket ndi pensulo m'manja, muone utali wa chidutswa chilichonse. Pasikirini diso limanama. Gasket imodzi ikasowa pamndandanda, wogula katundu saiitanitsa, ndipo mudzaizindikira fita atakwera kale pamwamba ndi sipanala.

Mtundu uliwonse wa Plant 3D umabwera ndi foda yake ya Content, choncho ma catalog amene munapanga nokha muwasamutse ndi manja. Zida zolembedwa mu Python muzilembetsenso ndi PLANTREGISTERCUSTOMSCRIPTS. Amene amangoona modelo mu Navisworks nawonso apatsidwe object enabler yogwirizana ndi mtundu wawo, apo ayi mapaipi adzaoneka osalongosoka.

Zonse zikagwirizana, samutsani pulojekiti yeniyeni Lachisanu madzulo, kompyuta ili pa UPS, poti magetsi salonjeza. Kontirakitala wakunja mumuuziretu m'kalata. Pulogalamu yakale muisiye pa kompyuta imodzi, pamodzi ndi bekapu ija, kufikira isometric yoyamba ya mu yatsopano itawotchereredwa n'kukwana pamalo pake.