Makalata a Omvera: Mankhwala Otsitsa Mafuta a M'magazi

Muulutsi: Adokotala tili nawo muno. Sabata ino makalata ambiri akufunsa za mankhwala otsitsa mafuta a m'magazi, aja achipatala amati statin. Kalata yoyamba yachokera kwa bambo wina wa ku Area 25 mumzinda wa Lilongwe. Akuti: "Atandiyeza magazi anandiuza kuti kolesitero yachuluka, ndipo anandipatsa atorvastatin. Ndamwa miyezi itatu, atayezanso akuti yatsika. M'thupi ndikumva bwino. Kodi ndisiye?"

Adokotala: Bambo, mwachita bwino kufunsa musanasiye, ndipo ndikukupemphani kuti musasiye. Kolesitero yambiri ya m'thupi imapangidwa ndi chiwindi chathu chomwe, ya m'zakudya ndi yochepa. Statin amachedwetsa chiwindi pa ntchito imeneyi, ndipo chiwindicho chimayamba kuchotsa m'magazi kolesitero yoipa ija timati LDL. Ndiye kutsika mwakuonako ndi umboni woti mankhwala akugwira. Mukasiya lero, pakangotha milungu ingapo manambala abwerera pomwe anali. Si ngati LA wa malungo amene timamwa masiku atatu basi n'kuchira.

Zoti mukumva bwino zisakunamizeni. Kolesitero sipweteka. Imamatirira pang'onopang'ono m'kati mwa mitsempha ya magazi kwa zaka zambiri, ndipo ena amadzazindikira tsiku lomwe achita sitiroko kapena mtima wawagwira. Kafukufuku wa anthu ambirimbiri anasonyeza kuti LDL ikatsika ndi 1 mmol/L, chiopsezo cha matenda amenewa chimatsika ndi gawo limodzi mwa magawo asanu kapena kuposerapo pang'ono. Phindu lake ndi limenelo, ngakhale thupi silikuuzani.

Muulutsi: Yachiwiri alemba ndi mayi a ku Zomba, a zaka 58. Akuti chiyambire kumwa simvastatin ntchafu zikuwawa, ndipo mnzawo wa kumpingo wawauza kuti mankhwalawa amawononga chiwindi.

Adokotala: Pepani mayi ndi ululuwo. Kuwawa kwa minofu ndi dandaulo lomwe timalimva kawirikawiri, ndipo sitilinyalanyaza. Komabe mudziwe kuti kafukufuku wamkulu amene anatuluka mu The Lancet mu 2022 anapeza kuti mwa anthu khumi odandaula za minofu akumwa statin, oposa asanu ndi anayi ululuwo sunali wochokera ku mankhwalawo. Pa msinkhu wathu uno nyamakazi, kulima ndi kuyenda mitunda italiitali zimawawitsanso thupi. Pitani kuchipatala komwe anakupatsani mankhwalawo. Akhoza kukupumitsani milungu ingapo kuti aone ngati ululu utha, kenako n'kuchepetsa mlingo kapena kukusinthirani mtundu wina. Ambiri amene simvastatin sanawayanje amakhala bwinobwino ndi statin wina.

Pali chizindikiro chimodzi chomwe musachigonere. Minofu ikawawa kwambiri, thupi n'kufooka mpaka kulephera kudzuka pampando, mkodzo n'kuda ngati tiyi wopanda mkaka, siyani mankhwala tsiku lomwelo ndi kuthamangira kuchipatala. Apo ndiye kuti minofu ikuwonongeka ndipo impso zili pangozi. Zimachitika mwa apo ndi apo, koma zikachitika sizifuna kuchedwa. Za chiwindi, kuwonongeka kwenikweni n'kosowa kwambiri. Wokhala kale ndi matenda a chiwindi, kapena womwa mowa kwambiri, auze dokotala asanayambe, ndipo maso akasanduka achikasu abwere msanga.

Muulutsi: Nayi ina yochokera ku Mangochi. Bambowa sanafune kutchulidwa. Akuti amamwa ma ARV, ali ndi BP, ndipo posachedwapa kuchipatala china cholipira awalembera simvastatin. Akufunsa ngati zonsezi zingayendere limodzi.

Adokotala: Kalata imeneyi ndiyo yandikhudza kwambiri lero, chifukwa anthu ambiri kuno kwathu amalandira ma ARV malo ena, a BP malo ena, ndipo kumalo enawo sanena za ma ARV poopa kudziwika. Bambo, yankho lagona pa mtundu wa ma ARV omwe mukumwa. Ngati muli pa aja muli dolutegravir, omwe ambiri m'Malawi muno anasinthidwira kuyambira 2019, palibe vuto lalikulu ndi statin. Koma ngati muli pa aja muli ritonavir, monga atazanavir kapena lopinavir, simvastatin ndi woletsedwa kotheratu. Ritonavir amatseka njira yomwe chiwindi chimachotsera simvastatin, mankhwalawo n'kuunjikana m'magazi, ndipo vuto la minofu ndi impso ndatchula lija limabwera mosavuta. Anthu otere timawapatsa atorvastatin wa mlingo wochepa kapena mtundu wina, tikuwayang'anira.

Pa mankhwala a BP, ngati ndi amlodipine, simvastatin asapitirire 20 mg patsiku. Maantibayotiki monga erythromycin ndi clarithromycin, komanso mapiritsi a ketoconazole ndi itraconazole, sayendera limodzi ndi simvastatin. Rifampicin wa TB amachita zosemphana, amafooketsa statin. Ndiye bambo, musanamwe ngakhale limodzi, tengani kabuku kanu ka kuchipatala ndi mabotolo onse, mukaonetse amene anakulemberaniwo. Wachipatala ali ndi udindo wosunga chinsinsi chanu, ndipo sangakutetezeni pa mankhwala omwe sakuwadziwa. Zitsamba zomwe mumagula pamsika kapena m'basi muzitchulenso.

Muulutsi: Nthawi yatithera, adokotala, koma pali mafunso awiri afupiafupi. Mayi a ku Mzuzu akumwa statin ndipo akufuna kutenga pakati. Wina wa ku Ndirande akufunsa nthawi yabwino yomwera, komanso ngati angamadye chilichonse poti mankhwala alipo.

Adokotala: Mayi a ku Mzuzu, kakambiraneni ndi dokotala wanu musanasiye kulera. Kawirikawiri statin timamuimitsa mayi akakhala woyembekezera komanso pamene akuyamwitsa. Mukazindikira kuti muli kale ndi pakati musachite mantha, ingopitani kuchipatala msanga.

A ku Ndirande, simvastatin imwani madzulo, chifukwa chiwindi chimapanga kolesitero yambiri usiku ndipo mankhwalawa sakhalitsa m'magazi. Atorvastatin amakhalitsa, mukhoza kumwa nthawi iliyonse bola ikhale yomweyo tsiku ndi tsiku. Mukaiwala, musamwe awiri mawa lake. Manyumwa ndi madzi ake muwapewe, makamaka pa simvastatin, koma malalanje ndi nachesi idyani. Pa zakudya, piritsi silikupatsani chilolezo cha kanyenya wa nkhumba yamafuta ndi tchipisi cha pachiwaya tsiku lililonse. Mgaiwa, nyemba, nandolo, usipa ndi ndiwo zamasamba zotendera zimathandizana ndi mankhwala. Wosuta fodya ayambe ndi kusiya fodyayo.

Muulutsi: Omvera, sabata yamawa tidzayankha makalata okhudza matenda a shuga.